Inshulansi ya kulumala: ndilowe kapena ndisiye?

Wowotcherera wa ku Makata: Abale, kuntchito kwabwera wogulitsa inshulansi. Akuti ndikadzavulala kapena kudwala mpaka kulephera ntchito, azidzandipatsa gawo la malipiro anga mwezi ndi mwezi. Ndili ndi ana atatu, nyumba ya lendi ku Ndirande. Malipiro ndi ochepa kale. Ndilole kudulidwanso?

Kalaliki wa ku Limbe: Achimwene, musataye ndalama. Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 lilipo, mukavulala abwana ayenera kulipira. Komanso lamulo la penshoni limawakakamiza kukuikirani inshulansi ya moyo.

Namwino wa ku Chilomoni: Ayi bambo, musawasocheretse. Chipukuta misozi chija n'cha ngozi ya pantchito kapena matenda obwera ndi ntchitoyo. Akagwa pa kabaza Lamlungu pochoka kutchalitchi, kapena ikawagwira sitiroko ali kunyumba, palibe chawo. Inshulansi ya moyo imalipira banja munthu atamwalira, pamene wolumala ali moyo ndipo akufunika kudya. Lamulo la ntchito limapereka masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka pachaka, kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito. Akatha masabatawo, lendi alipira ndani? Ngakhale MASM, bungwe la inshulansi ya zachipatala lija, imalipira chipatala basi, sigula ufa.

Kalaliki wa ku Limbe: Ndamva achemwali, koma kwacha yathuyi? Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yomwe akulonjeza lero idzakhala ya tomato. Kuli bwino banki mkhonde.

Dokotala wa mafupa: Nkhani ya kwachayo ndi yoona, choncho funsani ngati ndalama yolonjezedwayo imakwera chaka ndi chaka. Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tanthauzo la mawu oti kulumala pa pepala la inshulansiyo. Mapepala ena amalipira mukalephera ntchito yanu yeniyeni. Ena amalipira pokhapokha mukalephera ntchito ina iliyonse. Ine dzanja likayamba kunjenjemera sindingalowenso ku fiyeta, koma a mtundu wachiwiriwu adzati ndikhoza kuphunzitsa, ndiye sandipatsa kanthu. Inunso achimwene owotcherera, diso limodzi likawonongeka adzati mukhoza kukhala pageti. Funsaninso kuti mudzadikira miyezi ingati asanayambe kulipira, komanso ngati amapereka kamodzi kapena mwezi uliwonse. Ngati muli ndi shuga kapena BP, ululani polembetsa. Mukabisa adzakana kulipira.

Mayi wa ku Bangwe: Adokotala anenetsa. Bambo akunyumba ankadulidwa zaka zambiri, ife tili phee kuti ndife otetezedwa. Itawagwira sitiroko ndi pamene tinauzidwa kuti pepala lathu linali la ngozi zokha, matenda mulibemo. Ndinalira mu ofesi ya eni ake. Banki mkhonde inatithandiza miyezi iwiri, kenako anzanga aja anafunanso ndalama zawo. Achimwene, gulani, koma yokhudza matenda ndi ngozi zomwe.

Wowotcherera wa ku Makata: Pepani kwambiri mayi. Pepala lomwe wandisiyira wogulitsa uja ndaliona tsopano, mawu oti matenda sindikuwapeza. Abweranso Lachinayi. Adokotala, ndingakutumizireni chithunzi chake musanagone?

Dokotala wa mafupa: Tumizani masamba onse, makamaka a zilembo zing'onozing'ono akumapetowo.