Dimba la kwa Agogo, dzuwa la Okutobala lisanafike

Achemwali aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ndi ya dimba la pakhomo kwa Agogo. Mabedi alipo 12, wothirira ndi mwana mmodzi, m'mawa ndi madzulo, ndipo sukulu ikutsegulidwa mu Seputembala. Tipangane zochita Loweruka likubwerali.

Achimwene a ku Joni: Tingogula pampu ya sola basi. Theka la ndalama nditumiza ine.

Malume: Pampu idikire kaye, bambo. Madzi sakusowa, akungotayika. Dothi lija ndi la mchenga, ndiye mabedi anawakweza ngati a nthawi ya dzinja. Ukathira, madzi amatsetsereka m'mbali, otsalawo dzuwa la kuno ku Mangochi lamwa isanakwane 10 koloko. Tigwetse onse, tikumbe anayi okha olowa pansi: mita imodzi m'lifupi, mamita 5 m'litali, kuya masentimita 15. Mita imodziyo ndi dala, kuti popalira munthu azifika pakati osapondamo. Bedi lililonse ndowa 4 za manyowa a mbuzi owolerana, kusakaniza bwino ndi dothi lapamwamba.

Azakhali: Owoleranadi, chonde. Aawisi amawotcha mbande, komanso amabwera ndi njere za udzu, ndiye ntchito yopalira yabwereranso.

Achemwali aakulu: Anayi akwanira ndiwo za pakhomo, Malume?

Malume: Akwanira mpaka kugawirako oyandikana nawo. Tiwerengere. Mabedi anayi ndi masikweya mita 20. Kukatentha, sikweya mita imodzi imafuna malita ngati 5 patsiku, onse pamodzi malita 100, ndowa 5 za malita 20. Tikaphimbira mabedi ndi udzu wouma, tizithirira modumphitsa tsiku, madzulo, koma mokhutitsa. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kuyenda pamwamba, mbewu nkumafota masana aliwonse.

Mlamu: Kuphimbirako ndikuopa chiswe. Pakhomo paja chilipo chambiri.

Azakhali: Chibwera ndithu, alamu, koma chimayamba ndi zouma. Mbewu chimaigwira udzu ukatha kapena ikafooka ndi ludzu. Ndiye udzu usamathe: muyale wokhuthala zala zinayi, muziwonjezera ukaphwa, ndipo musiye kampata ka zala ziwiri kuzungulira tsinde kuti lisawole. Udzu wake ukhale wopanda njere. Mapesi a chimanga nawonso ndi abwino mukawaduladula. Pa nazale pokha muchotse udzu mbewu zikangotuluka, apo ayi zimatalika zowonda nkugwa.

Mlamu: Ndamva. Udzu ndimweta ine, ngolo imodzi.

Azakhali: China, tisamalimbane ndi kabichi ndi tomato wambiri nyengo yotentha. Ndi zomwe zimadya nthawi: kumangirira, kuthena, kupopera, kenako kangaude wofiira wamaliza masamba. Bedi limodzi mpiru kapena repu, wookedwa ali ndi masabata anayi, motalikana masentimita 30. Lachiwiri bonongwe, mungowaza, ndipo mukasiya mitengo iwiri kuti ikhwime adzimerera yekha. Lachitatu kholowa, amaphimba yekha nthaka, udzu sumera. Lachinayi therere. Tomato mitengo 10 yokha, ya pa ndiwo. Koma therere ndi tomato asamatsatizane malo amodzi, pamchenga mizu yawo imachita timfundo, mbewu nkupinimbira. Pambuyo pake pazilowa bonongwe kapena chimanga chachiwisi.

Achimwene a ku Joni: Nanga ine ndalama yanga ipite pati? Sindikufuna kungoonerera.

Malume: Mugule diramu la malita 200 lokhala ndi chivundikiro, keni imodzi ndi waya wa mpanda. Diramu likhale pakati pa mabedi, kulidzaza kamodzi ndi kuthirira kawiri. Chivundikirocho musachione mopepuka, udzudzu umaswana m'madzi osatseka, komanso pakhomo paja pali ana. Mpanda ndiye woyamba pa zonse. Mbuzi zikalowa ola limodzi, ntchito ya mwezi yapita.

Achemwali aakulu: M'kati mwa mpanda tizikemo cham'mwamba. Nthambi yotalika mita imodzi imaphuka yokha, ndipo akagwira safunanso keni. Tizimudulira m'chiuno kuti Agogo azithyola osakwera.

Azakhali: Tomato uja ndi mapapaya mukwirire botolo la malita awiri pambali pa tsinde, lobooledwa timabowo tinayi kunsi, kukamwa kuli kunja. Madzi amapita kumizu, pamwamba pouma, udzu sumera. Nsabwe zikayamba pa mpiru, sinjani masamba a nimu kilogalamu imodzi, muviike m'malita 5 usiku wonse, musefe, muthire kasopo pang'ono, mupopere madzulo kunsi kwa masamba.

Mlamu: Mbewu ya mpiru ndi therere ndigula Lachisanu pa Boma. Kholowa ndidula kudimba kwathu.

Achemwali aakulu: Zatheka. Loweruka 6 koloko, aliyense ndi khasu lake. Malume mubwere ndi chingwe choyezera. Achimwene, tumizani pa Airtel Money pofika Lachinayi kuti waya afike tisanawoke kalikonse.