Kodi n'zotheka kuzungulira dziko lonse osakwera ndege, kuyambira kuno kwathu?

Mwana wa ku Ntcheu:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Munthu wa pasipoti ya Malawi angazungulire dziko lapansi pa basi, sitima yapamtunda ndi sitima zapamadzi zija zonyamula alendo, osakhudza ndege? Ayambire pati, alowere kuti, ndipo zingamutengere miyezi ingati?

Wapadoko:
Zimatheka achimwene, bola mutsate kalendala ya sitimazo. Sitima za alendo zimasamuka ngati ng'ombe zotsata msipu: chilimwe cha ku Ulaya chikamayamba zimapita kumeneko, chikatha zimatsikira kumene kukufunda. Maulendo osamukawa amawatcha repositioning, ndipo ndi amene amawolotsa munthu nyanja pa mtengo wotsikirapo, chifukwa masiku ambiri mumangoona madzi okhaokha ndipo okonda kutsika padoko lililonse sawafuna.

Lowerani kumadzulo. Nyamukani mu Malichi pa basi ya ku Joni, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kenako basi ina ya ku Durban kapena Cape Town. Sitima za kampani ya MSC zimene zimagwira ntchito ku South Africa kuyambira cha mu Novembala zimabwerera ku Ulaya cha mu Malichi kapena Epulo, ulendo wa masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ku Ulaya sitima zapamtunda ndi mabasi n'zosasowa. Kuwoloka Atlantic n'kosavuta kuposa nyanja zonse, chifukwa sitima ya Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard imayenda pakati pa Southampton ku Britain ndi New York miyezi yambiri ya pachaka, ndipo mumagona panyanja masiku 7. Popita kumadzulo wotchi amaibweza ndi ola limodzi usiku kasanu, ndiye tulo timakwana. Olowera kum'mawa ola limenelo amalitaya.

Ku America kwerani sitima zapamtunda za kampani ya Amtrak: Lake Shore Limited kuchoka ku New York kufika ku Chicago, maola pafupifupi 20, kenako Empire Builder kufika ku Seattle, maola pafupifupi 46. Mufike kumeneko Sepitembala asanathe. Nyengo ya maulendo a ku Alaska imatha cha m'mwezi umenewo, ndipo sitima zimachoka ku Seattle ndi Vancouver kupita ku Japan kapena ku Sydney. Mukaiphonya imeneyo, njira yotchipa yowolokera Pacific cholowera kumadzulo yatsekeka mpaka chaka china. Musawerengere sitima zonyamula katundu. Zambiri zinasiya kutenga anthu mu 2020 nthawi ya Covid.

Mayi wa Zikalata:
Njira imene bambo afotokozayi ndi yolondola, koma pasipoti yathu imakakodwa pakati pakepo. Kampani ya sitima imafuna viza ya dziko lililonse lofuna viza limene sitimayo ikaime, ngakhale mutalumbira kuti simutsika. Ikasowa imodzi amakubwezani pakhomo, ndipo ndalama ya tikiti sabweza.

Ya Schengen, yomwe ndi viza imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, imakupatsani masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo simungaipemphe kudakali miyezi yoposa 6 kuti mufike. Pemphani yolowera kangapo, chifukwa sitima ikaima ku Canary Islands (zilumba za Spain) kenako ku Casablanca ku Morocco, mwalowa ndi kutuluka kale m'dera la Schengen. Ya kamodzi yatha pomwepo. Britain ili ndi viza yakeyake. Mutu waukulu ndi America. Pa 20 Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 kwa a Malawi ndi a Zambia opempha viza ya alendo, n'kulamula kuti olipira chikolecho alowere ndi kutulukira pa mabwalo a ndege osankhidwa monga la JFK ku New York. Doko la Brooklyn ku New York, pamene Queen Mary 2 imakocheza, si bwalo la ndege. Ndiye musalipire tikiti iliyonse musanamve ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe lamulo limene likugwira ntchito panthawiyo. Kuthawira ku Canada sikumasula zonse, poti sitima zambiri zochoka ku Vancouver zimaima ku Alaska, komwe ndi ku America komweko.

Njira yozemba dziko la America ndiyo kugula chigawo cha ulendo wa sitima zozungulira dziko lonse, zimene zimanyamuka ku Ulaya mu Januwale, n'kusankha yodutsa ku South America ndi zilumba za Pacific. Chenjerani ndi Tahiti: ndi dera la France, koma viza wamba ya Schengen sigwira kumeneko.

Maofesi a akazembe amakonda kuti mavizawa muwapemphere m'dziko limene mumakhala, choncho tengani onse amene mungathe musanachoke. Pasipoti itsale ndi miyezi 6 ulendo utatha komanso masamba ambiri osadindidwa. Khadi yachikasu ya yellow fever ikhale m'chikwama. Kuyambira 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse.

Mwana wa ku Ntcheu:
Zikomo mayi, apa mwanditsegula maso. Nanga ndikafika ku Japan ndibwerera bwanji kumudzi?

Wanjanji:
Pa doko la Shimonoseki ku Japan pali sitima yapamadzi yogona usiku umodzi kupita ku Busan ku South Korea, ndipo ku Incheon, m'dziko lomwelo, kuli zina zowolokera ku madoko a China monga Qingdao. Kuchoka pamenepo ndi njanji mpaka ku Kunming, ku China komweko. Njanji ya Kunming kufika ku Vientiane ku Laos inatsegulidwa mu Disembala 2021, ndipo kuyambira mu Epulo 2023 mumadutsa malire pa sitima imodzimodziyo, tsiku lomwelo. Kenako sitima ya usiku ya ku Bangkok, ina yotsikira ku Padang Besar pamalire a Malaysia, ina ya ku Kuala Lumpur mpaka Johor Bahru, ndi kasitima ka mphindi 5 kolowera ku Woodlands ku Singapore. Matikiti a kameneka amatha msanga. Akatha kwerani basi yodutsa pamlatho womwewo.

Ku Singapore mudikire sitima zozungulira dziko zimene zimadutsa pakati pa Febuluwale ndi Epulo kupita ku Port Louis ku Mauritius, Durban ndi Cape Town. Chiyambireni chipwirikiti cha pa Red Sea kumapeto kwa 2023, zambiri zakhala zikuzungulira ku Cape m'malo modutsa pa Suez, zomwe kwa ife ndi mwayi. Werengerani chaka chathunthu ndi mwezi umodzi.

Wapadoko:
Ndiwonjezereko za ndalama, chifukwa mtengo wa patsamba umanyenga. Mtengowo ndi wa munthu mmodzi m'chipinda cha anthu awiri. Woyenda yekha amalipira mpaka kawiri. Pamwamba pake amadula ndalama yothokozera antchito, cha m'ma $16 mpaka $20 patsiku. Intaneti, zakumwa ndi dokotala wa m'sitima, zonsezo n'zolipira padera, ndiye inshulansi yanu itchule maulendo apanyanja. Pokwera amagwira kaye ndalama ina pa khadi, ndipo khadi ya akaunti ya kwacha yokhala ndi malire a ndalama zakunja ikhoza kukana muli pamzere, zikwama zitalowa kale.

Fikani m'tauni ya doko kutatsala masiku awiri, makamaka ngati mwadalira basi yodutsa pa Beitbridge. Mukatsika kukaona malo, bwerani kutatsala mphindi zoposa 30 kuti sitima inyamuke, ndipo muziyendera wotchi ya m'sitima. Foni imadzisinthira yokha nthawi ikagwira netiweki ya padoko, pamene sitima mwina sinasinthe yake.