ThinkPad T61 ya pa kaunjika: ndiikonze kapena ndiisiye?

Mphunzitsi wa ku Thyolo analemba:

Moni nonse. Mwezi watha nditalandira malipiro ndinapita ku Limbe, ndipo ndinabwerako ndi laputopu yakale yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wa zinthu za kaunjika. Ndi ThinkPad T61, yakuda ija, ya kabatani kofiira pakati pa kiyibodi. Ndinaikonda nditangoigwira. Ndili ku koleji, mphunzitsi wathu wina anali ndi yotereyi ndipo ankandibwereka kuti ndimutaipire manotsi. Kuchokera nthawi imeneyo sindinagwirenso kiyibodi yomveka bwino m'zala ngati imeneyi. Ntchito yomwe ndikuifunira ndi yochepa: kutaipa mayeso a Sitandade 7, masikimu, ndi kusunga malikisi a ana.

Koma kunyumba yafika ndi matenda ake. Ndikaiyatsa m'mawa sikirini imayamba yofiirira ngati dzuwa likulowa, kenako imayera pakapita mphindi zingapo. Dzulo inangoda bii ndili pakati pa ntchito, koma timagetsi ta pansi pa sikirini tinali tikuyakabe. Nthawi zina poyatsa imalemba "Fan error" n'kuzima yokha. Wogulitsa anandiuza kuti ndizingodina Esc, ndipo zoonadi imapitirira, koma mbali ya kumanzere imatentha moti sungaiike pamiyendo. Chinanso, ndikangoichotsa kumagetsi imaiwala tsiku. Imalemba nambala 0271, ndimadina F1, ndimakonza tsiku ndi nthawi, mawa lake zomwezo. Batire lalikulu silisunga moto ngakhale mphindi imodzi. Muli Windows 7, RAM (memori yogwirira ntchito) ndi 2GB, ndipo ndapezamo zithunzi ndi makalata a mwini wake wakale.

Mayi a kunyumba akuti ndataya ndalama. Ine mtima sukulola kuitaya. Amene mumadziwa zinthuzi, kodi ingakonzeke? Ngati ingakonzeke, ndiyambire pati kuti ndisagule chinthu chodula kenako n'kupeza kuti makinawo anafa kale mkati?

Mmisiri wa makompyuta, Ndirande:

Aphunzitsi, funso lanu lomalizalo ndiye lenileni. Musagule kanthu kaye. Choyamba tidziwe mtundu wa T61 yomwe muli nayo, chifukwa zilipo ziwiri. Mu Windows tsegulani Device Manager, muone pa Display adapters. Pakalembedwa Intel 965, kondwerani. Pakalembedwa NVIDIA Quadro NVS 140M, pamenepo ndi pofunika kuganiza kawiri. Ma chip ena a Nvidia oyendetsa chithunzi, a zaka za 2007 ndi 2008, anali ndi chilema chochokera kufakitale: akamatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, timalumikizidwe ta mkati mwake timathyoka, makina n'kusiya kuonetsa chithunzi. Kampaniyo inavomereza yokha vutoli mu 2008. Ena amaiwotcha chip ija ndi mpweya wotentha, imadzuka milungu ingapo, kenako imafanso. Ine ndinaleka kulandira ndalama za anthu pa ntchito imeneyo.

Chachiwiri, lekani lero lomwe kudina Esc. Uthenga wa "Fan error" umabwera makina akaona kuti fani sinazungulire poyatsa. Mukaudumpha ndiye kuti mukuyendetsa galimoto yopanda madzi mu rediyeta. T61 inatuluka mu 2007, ndipo zambiri zomwe zimafika pa tebulo langa sizinatsegulidwepo chiyambire. Pakati pa fani ndi timapepe ta kopa timene timatulutsa kutentha mumapezeka fumbi logwirana ngati bulangete. Kuno kwathu onjezanipo fumbi la Okutobala, nthawi zina ndi mphemvu zomwe.

Kutsegula kwake sikovuta. Chotsani chaja ndi batire. Pansi pa makina, pambali pa sikuluwu iliyonse yofunika pali kachithunzi kosonyeza chimene imagwira. Mumayamba ndi pulasitiki ya kutsogolo yomwe mumatsamizapo manja, kenako kiyibodi. Musakoke mwamphamvu, zonse ziwiri zili ndi kachingwe kopyapyala kopita ku motherboard, bodi yaikulu ya mkati mwa makina. Lenovo, kampani yopanga ThinkPad, inaika pa intaneti buku la amisiri la makina amenewa, lotchedwa Hardware Maintenance Manual, laulere, ndipo lili ndi zithunzi za sitepe iliyonse. Liwonongereni bandulo kamodzi, mudzalithokoza. Masikuluwu ake ndi osiyana kutalika, ndiye jambulani pansi pa laputopu papepala, sikuluwu iliyonse muiike pa malo ake. Yaitali ikalowa pa dzenje la yaifupi imatha kuboola zamkati.

Mukachotsa fani pamodzi ndi kopa wake, pukutani phala lakale louma lomwe lili pa processor ndi kansalu koviika mu isopropyl alcohol, n'kupakapo thermal paste yatsopano, kadontho ngati njere ya mpunga. Ndikupemphani, musapakepo mankhwala otsukira mano kapena girisi wa njinga. Ndaziona zimenezi ndi maso anga, zimauma masiku awiri makina n'kuyamba kutentha kuposa kale. Fani ikakhala yolimba poizunguza ndi chala, kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera pa kamtengo kake ka pakati kamaitsitsimutsa. Pemphani kwa telala.

Za tsiku lija ndi kabatire kakang'ono ka CMOS, komwe kamasunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Ndi CR2032, ya 3V, yokutidwa m'pulasitiki yachikasu, ili ndi timawaya tiwiri ndi kapulagi. Mudzaiona mukangochotsa kiyibodi. Apa muli ndi mwayi womwe mwina simukuudziwa. Mwanena kuti mumalowa ndi F1 n'kusintha tsiku popanda chokuletsani, kutanthauza kuti mulibe supervisor password. Pa ThinkPad pasiwedi imeneyi imasungidwa mu chip yakeyake, ndipo kuchotsa kabatire sikuifufuta. Anthu ambiri amagula makina okhoma osadziwa, tsiku lomwe kabatire kafa makina amapempha pasiwedi, basi zathera pomwepo. Kwa ena amene mukuwerenga: musanapereke ndalama, yatsani, dinani F1, muone ngati akukulolani kusintha zinthu mu BIOS, tsamba lija losinthirapo tsiku ndi nthawi.

Onaninso chaja chomwe anakupatsani. Chikhale cha 20V, cha 65W kapena 90W, cha mutu wozungulira wachikasu. Zija zosinthasintha ma volt zapha makina ambiri.

Madala wa mawailesi, Zomba:

Mwana wanga, mmisiriyu wanena bwino, ine ndingoonjezera pa sikirini, chifukwa nyali zoterezi ndazigwira zaka zambiri pa ma TV ndi ma monitor. Laputopu zambiri za nthawi imeneyo sizinkawala ndi LED ngati za lero. M'munsi mwa galasi muli kachubu kopyapyala ngati udzu wa tsache, ka mtundu wa machubu a m'maofesi aja, kotchedwa CCFL. Kakakalamba kamayamba kofiira kasanatenthe. Ndi zomwe mukuonazo. Kamayatsidwa ndi kabodi kakang'ono kotchedwa inverter komwe kali kuseri kwa pulasitiki ya m'munsi mwa sikirini, ndipo chubu chikatopa kwambiri inverter imachizimitsa. N'chifukwa chake munaona mdima makina akadali moyo.

Ikadzathimanso, tengani tochi ya foni muunike pa galasi chapambali, muyandikire. Mukaona zolemba zanu mozimiririka, dziwani kuti ubongo wa makina uli bwino, yafa ndi nyali yokha. Njira ina ndi kulumikiza monitor ku polowera pa VGA, pa buluu paja. Kusukulu kwanu kapena ku TDC, malo aja a maphunziro a aphunzitsi, simungalephere kupeza imodzi yoyesera.

Musagule inverter poyamba. Kufiira ndi chizindikiro cha chubu, osati cha inverter. Chubucho chimasinthika, koma ndi ntchito yofuna dzanja lodekha ndi soldering, ndipo chimathyoka msanga. Mkati mwake muli mercury, choncho chikasweka musachitole ndi manja, ndipo chakalecho musataye pa dzala pomwe ana amasewera. Inverter nayo imatulutsa magetsi a ma volt mazanamazana, osaigwira makina ali oyaka. Ine ndikanakhala inu ndikanafunafuna T61 ina yakufa motherboard koma ya sikirini yabwino, ya kukula kofanana, n'kusamutsa chivindikiro chonse. Amisiri ambiri ali nazo zoterezi pansi pa matebulo awo. Pakadali pano chepetsani kuwala kwake, chubu chimakhalitsako.

Achemwali a ku Joni:

Pepani aphunzitsi, ine ndilankhula zosiyana pang'ono. Ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg pa malo omwe timalandira makompyuta otsika m'maofesi, kuwayeretsa n'kuwagulitsanso. Werengerani bwino: kabatire, thermal paste, sikirini, batire lalikulu, RAM, mwina ndi SSD, disiki yamakono yosazungulira ija. Mukaphatikiza, mwina mufika pafupi ndi mtengo wa ThinkPad T420 kapena X220. Izi zinatuluka mu 2011, kiyibodi yake ndi ya mizere isanu ndi iwiri ngati yomwe mwaikondayo, sikirini ndi ya LED, ndipo RAM yake ndi DDR3 yomwe imapezeka paliponse. DDR2 ya T61 yayamba kusowa, makamaka zazikuluzikulu. Sindikunena kuti muitaye, koma dziikireni malire a ndalama musanayambe, ndipo muwauze mayi a kunyumba malirewo.

Pa batire lalikulu ndikuchenjezeni. Mkati mwake muli timabatire ting'onoting'ono totchedwa maselo a 18650, ndipo pali anyamata omwe amalitsegula n'kuikamo maselo ochotsa m'mabatire ena akufa. Maselo osiyana msinkhu akaphatikizidwa amatentha, ndipo lithium akayaka sazimitsika wamba. Komanso kabodi ka m'batiremo nthawi zambiri kamadzikhoma maselo akangodulidwa. Batire lakufalo lichotseni, lisamakhale pa chaja usiku wonse m'nyumba mogona ana.

Za zithunzi ndi makalata a mwini wakale: fufutani disiki yonse, musatsegulenso. Ife kuno ndi lamulo loyamba tisanagulitse makina. Munthuyo sanadziwe kuti zinthu zake zidzafika ku Thyolo.

Wophunzira wa ICT, Mzuzu:

Ine ndigwirizana ndi achemwali pa kufufuta disiki, ndipo mpata wake ndi womwewo wochotsera Windows 7. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, ndiye kuilowetsa pa intaneti kapena kubayamo ma flash a kusukulu ndi kuitana ma virus. Windows 10 nayo anaisiya mu Okutobala 2025, ndipo pa 2GB imakwawa. Windows 11 siilola n'komwe makina a msinkhu umenewu. Koma processor ya T61 ndi Core 2 Duo, ya 64-bit, choncho Linux Mint ya Xfce, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imalowa. Imabwera ndi LibreOffice, yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, ndiye mayeso anu mukhoza kukasindikiza kulikonse. Ndibwino kuwasunga ngati PDF musanapite nawo kosindikiza kuti mizere isasokonekere. Mukapeza RAM ina ya 2GB, ya PC2-5300, n'kufika 4GB, mupuma bwino. Malo ake onse awiri ali pansi pa pulasitiki yotsamizapo manja ija.

SSD ndi yomwe imasintha makina akale kuposa china chilichonse, ngakhale ya 120GB. T61 imaiyendetsa pa liwiro la SATA yoyamba, komabe kusiyana kwake ndi disiki yozungulira mudzakuona poyatsa pomwe. Ubwino wake, makina akadzafa SSD mumaisamutsira mu ena, ndalama siitayika. Muikemonso Kiwix, aphunzitsi. Imakulolani kusunga Wikipedia m'makina n'kumawerenga popanda bandulo.

Mphunzitsi wa ku Thyolo analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zoti ndachita. Ndinayamba ndi Device Manager monga munanenera achimwene a ku Ndirande. Palembedwa Intel 965. Ndinapuma.

Loweruka ndinayala nsalu yoyera pa tebulo, bukulo lili pa foni, pepala la masikuluwu pambali. Zinanditengera maola atatu chifukwa ndimawerenga tsamba lililonse kawiri ndisanagwire kanthu. Fumbi lomwe linatuluka kuseri kwa fani linali logwirana ngati thonje lakuda, lotseka njira yonse ya mpweya. Phala la pa processor linali louma ngati dothi la m'chilimwe. Fani ndinaidontheza mafuta omwe anandipatsa telala wa pa msika wathu. Kabatire kachikasu ndinakapeza kwa mmisiri wina ku Limbe pamodzi ndi thermal paste. Tsopano papita masiku asanu ndi limodzi osaona "Fan error", tsiku silikubwereranso m'mbuyo, ndipo kumanzere kuja kwangokhala kofunda basi.

Madala, tochi ija ndinayesa sikirini itathimanso Lachiwiri. Zolemba zinkaoneka mozimiririka monga munanenera, ndiye ndi nyali. Ndachepetsa kuwala ndipo kuyambira pamenepo sinathimenso. Mmisiri wa ku Limbe uja akuti ali ndi T61 yomwe inafa chip ya Nvidia, sikirini yake ndi ya mainchesi 14.1 yotambalala ngati yanga, ndipo tagwirizana kuti mwezi ukatha ndipite ndi makina anga tikayese chivindikirocho ndisanalipire.

Achemwali, mawu anu ndinawawerengera mayi a kunyumba ndipo tinagwirizana malire. Sikirini ndi SSD ndigula, batire lalikulu lidikire, ndalichotsa kale. Zithunzi za eni ake zija sindinazitsegulenso. Vuto ndi loti popanda batire, magetsi akangothima makina amazima nthawi yomweyo, ndipo kuno amathima kawirikawiri. Lachinayi ndinataya theka la pepala la Masamu. Achimwene a ku Mzuzu, kodi mu LibreOffice muli njira yoti izisunga yokha ntchito pa mphindi zingapo zilizonse? Ndipo Linux Mint imeneyi ndiiike pa flash ya ma GB angati?