Kabuku ka Sambo m'katoni ya mabuku a mphatso: tikatani?

Madam a Sitandade 4: Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Sabata yatha tinalandira makatoni atatu a mabuku ochokera kunja oti tiyambire laibulale ya m'kalasi. Muli kabuku kakale kotchedwa Little Black Sambo, nkhani ya mnyamata amene akambuku anamulanda zovala. Zithunzi zake zandiipira: mwana wakuda bii, milomo yofiira psuu, maso otong'oka. Ana anakaona ndisanakaone ine. Lachiwiri pa buleki ndinapeza mwana wina, wakuda kuposa anzake, akulira kuseri kwa kalasi chifukwa akumutcha "Black Sambo". Ana ndili nawo 94, mabuku a Chingerezi sakwana 40. Ndikataye?

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Madam, dzina lakuti Sambo si chitukwana. Kwathu kuno ndi dzina la banja, ndaphunzitsapo ana ambiri a dzina limenelo. Tisatengere mikangano ya ku America. Mabuku akusowa chonchi, n'kumatayanso?

Wa laibulale, Zomba: Achimwene, pa dzinalo mukunena zoona, kuno ndi dzina labwinobwino. Koma wolemba kabukuko sanalitenge kwathu. Anali mayi wa ku Scotland, Helen Bannerman, yemwe ankakhala ku India, ndipo kanatuluka mu 1899. Nkhaniyo ndi ya ku India, n'chifukwa chake muli akambuku amizeremizere aja ndi mafuta a ghee. Ku America azungu ankaitana munthu wakuda aliyense kuti Sambo pomunyoza kuti ndi wopusa, wongosekerera bwana. Makope ambiri osindikizidwa kumeneko anamujambula mwanayo monyoza kuposa poyamba. Makolo ake amatchedwa Black Mumbo ndi Black Jumbo, taganizani.

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Ndiye angofufuta mawuwo ndi tipekisi, ana aziwerenga zotsalazo.

Madam a Sitandade 4: Ndinaganizapo zimenezo. Nanga chithunzi ndichifufuta ndi chiyani? Ana anga Chingerezi chimawavuta, amathamangira zithunzi. Komanso mukapaka tipekisi mwana amapala ndi chikhadabo kuti aone chimene mwabisa.

Ahedi opuma ntchito: Mwana wanga, usawotche, usataye kudzala. Mabuku a mphatso amakhala ndi mndandanda, tsiku lina eni ake kapena a PEA, alangizi oyendera masukulu a pulayimale, adzafunsa. Lemba m'kaundula kuti bukuli lachotsedwa pa shelefu, tsiku ndi chifukwa chake, ahedi ako asayine, mukaliike m'kabati ya ku ofesi. Ine pa zaka zanga zonse sindinaikepo buku m'manja mwa mwana ndisanalitsegule tsamba ndi tsamba. Makatoni atatuwo uwabweze ku staff room, mugawane aphunzitsi anayi, masana awiri mwamaliza.

Wa laibulale, Zomba: Posanjapo muyang'anenso Tintin in the Congo ya Hergé, ya 1931, ndi mabuku akale a ku Britain okhala ndi chidole chakuda chatsitsi lanyankhalala chotchedwa golliwog. Mabuku a Dr. Seuss, mlembi wa mabuku a ana wa ku America, muwaonenso: mu 2021 kampani yosamala mabuku ake inasiya yokha kusindikiza mabuku 6 chifukwa cha zithunzi zotere. Limodzi ndi If I Ran the Zoo, mmene anthu a ku Africa anawajambula ngati anyani. Mabuku amene masukulu akunja akuchotsa kawirikawiri ndi omwewo amene amapezeka m'makatoni athu.

Mphunzitsi wa special needs: Ine mutu wanga uli pa mwana amene analirayo. Kabuku kapita ku ofesi, koma dzina latsala pabwalo. M'kalasi mwanga muli mtsikana wachialubino. Mawu amene ankamuliza sanachokere m'buku lililonse, ndi athu omwe: napweri, mzungudala. Ndinakhala pansi ndi kalasi yonse, aliyense anatchula dzina limene amadana nalo, ena mpaka misozi. Madam, chitani zimenezo mawa m'mawa, koma mwanayo musamuimike kutsogolo.

Mphunzitsi wa ku Mzimba: Apo ndagonja. Komabe nkhani yake ndi yokoma, akambuku kuthamangitsana kuzungulira mtengo mpaka kusungunuka! Ana angaikonde.

Wa laibulale, Zomba: Ena anaiona choncho, mu 1996 anaitulutsanso ndi zithunzi zatsopano, mwanayo ali Mmwenye dzina lake Babaji. Madam akhoza kungoisimba pakamwa ngati nthano, padangokhala, mwanayo n'kumupatsa dzina lina, ana ajambule okha zithunzi pa tchati.

Madam a Sitandade 4: Zikomo nonse. Ahedi asayina, kabuku kali m'kabati. Tatsiriza katoni yoyamba, tapezamo mabuku awiri a golliwog uja. Koma lina latigawanitsa: zithunzi zake ndi zabwino, koma pa tsamba limodzi anthu a m'mudzi akutchedwa "natives", mawu amene atsamunda ankatchulira eni nthaka. Amayi a Sitandade 6 akuti likhale, ine mtima ukukana. Ndatumiza chithunzi cha tsambalo, taonani.

Ahedi opuma ntchito: Chithunzi sichikutseguka, netiweki kuno yavuta. Tandilembera chiganizo chonsecho, ndione amene akulankhula mawuwo ndi ndani m'nkhanimo.