Mpira wa atsikana m'mayunivesite a ku America

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Santhe, ndipo madzulo ndimayang'anira timu ya atsikana ya mpira wamiyendo. Makolo ena amaletsa ana awo kubwera kubwalo ponena kuti mpira umasokoneza maphunziro. Ndamva kuti ku America osewera ambiri otchuka amachokera m'mayunivesite. Kodi alipo amene angandifotokozere mbiri ya timu imodzi yotere, kuti ndikhale ndi poyambira pokambirana ndi makolowa?

Bambo wa pa Kasungu Boma:
Aphunzitsi, yambirani pa University of North Carolina ya ku Chapel Hill. Timu yake ya atsikana inayamba mu 1979 motsogozedwa ndi Anson Dorrance, yemwe anaiphunzitsa mpaka 2024. M'zaka zimenezo inatenga chikho cha NCAA, chomwe mayunivesite amalimbirana, maulendo 21, ndipo kuyambira 1986 mpaka 1994 palibe yunivesite ina imene inachikhudza. Mia Hamm ndi Kristine Lilly anasewera kumeneko ali ophunzira, ndipo onse awiri anali m'timu ya dziko lawo yomwe inatenga World Cup yoyamba ya amayi ku China mu 1991, mphunzitsi wake ali Dorrance yemweyo. Lucy Bronze wa ku England anaseweranso kumeneko mu 2009.

Gwero la zonsezi ndi lamulo la Title IX la mu 1972, lomwe limaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala ophunzira chifukwa choti ndi akazi. Mayunivesite anakakamizika kupereka mabwalo, aphunzitsi ndi thandizo la fizi kwa atsikana omwe, motero mpira unasanduka njira yopezera maphunziro.

Mayi wa ku Nkhamenya:
Zimene anena bambowa n'zoona, koma ndikukayika ngati kholo la ku Santhe lingatekeseke ndi dzina la Mia Hamm. Atchulireni Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi, amene amawamva pa wailesi. Iwowa anadzera m'makalabu akuno, kenako ku Sweden ndi ku China, ndipo mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ya NWSL akusewerera Kansas City Current, kuposa onse ochokera m'mayunivesite amene mukuwatamawo. Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, nayo inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1.

Kochi wopuma wa ku Chamama:
Mayi, mayina amenewo amakopa ana, koma nkhawa ya makolo ili pa mayeso a MSCE. Chimene aphunzitsi angatengere ku America ndi lamulo la NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite, lakuti wosewera amene sakukhoza m'kalasi saloledwa kusewera. Likhazikitseni pa timu yanu, ndipo makolo aziona lipoti la teremu iliyonse mwana asanapatsidwe jezi. Muziwerukanso dzuwa lisanalowe, chifukwa atsikana ambiri amayenda mtunda wautali ndipo ntchito zapakhomo zimakhala zikuwadikira.