Zowonjezera pa funso la kusala kudya pamene mtima wazizira

Mlongo wina wa ku Chinamwali anafunsa ngati asale masiku 21 poti pemphero likumukanika. Tinati ayambe pang'ono. Nazi zimene tinasiya.

Mayi, yambani ndi masiku atatu, 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo, mukumwa madzi. Kusala osamwa kanthu masiku ambiri kumawononga impso. Pomasula imwani phala kaye. Nsima ndi nyama nthawi yomweyo zimapotokola m'mimba.

Odwala shuga, oyembekezera ndi omwa ma ARV, musasiye chakudya kapena mankhwala. Tsanzirani Danieli, amene anangosiya nyama, vinyo ndi zakudya zonona.

Okapemphera kuphiri la Zomba mu Juni, tengani bulangete, musapite nokha. Maganizo odzipha akabwera, uzani abusa ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.