Njinga ikuthamanga kawiri pa foni ya alamu anga

Tembo: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikupanga kasewero pa JavaScript (chinenero cholembera mapulogalamu a pa intaneti), ka wanjinga amene akuzemba maenje kuchoka ku Kapata kupita ku Mwami. Pa itel yanga kakuyenda bwino, koma pa Samsung ya alamu anga njinga ikuthamanga moti mwana sangazembe dzenje ngakhale limodzi. Code ndi yomweyo. Pa frame iliyonse (chithunzi chimodzi mwa zimene sikirini imajambula motsatizana) ndimasuntha njinga mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) 4.

Mai Zulu: A Tembo, vuto ndi 4 ameneyo. requestAnimationFrame, imene imaitana code yanu pa frame iliyonse, imatsata liwiro la sikirini. Yanu imajambula ka 60 pa sekondi, ndiye njinga imayenda mapikiselo 240. Ya alamu anuwo iyenera kuti ndi ya 120 Hz, kutanthauza kuti imajambula ka 120 pa sekondi, choncho 480. Musamawerenge ma frame, werengani nthawi. Function yanu yosuntha njinga imalandira timestamp, nambala yosonyeza nthawi m'mamilisekondi. Chotsanipo timestamp ya frame yapitayo, mugawe ndi 1000, yankholo muchulukitse ndi 240. Foni ikhale yachangu kapena yochedwa, mtunda wa pa sekondi udzakhala umodzi.

Daka: Bwanji osangoika setInterval kuti izibwereza code pa mamilisekondi 16 alionse?

Mai Zulu: Ayi a Daka, imeneyo siyenderana ndi sikirini, chithunzi chimadukiza. Foni ikatanganidwa imachedwanso.

Tembo: Zatheka mai, zikomo! Koma kwabuka china. Ndikatuluka kukayankha WhatsApp n'kubwerera, ndikupeza njinga yadumpha maenje onse, ili kunja kwa sikirini.

Phiri: Chimenechi chinandisowetsa tulo chaka chatha. Tsamba likabisika, browser imaimitsa requestAnimationFrame, koma wotchi siima. Mukachoka masekondi 30, frame yoyamba imaona ngati njinga iyenera kuyenda mapikiselo 7,200 kamodzin'kamodzi, ndipo code yoona kugundana siona dzenje chifukwa njinga yalidumpha. Ine ndimaika malire: kusiyana kwa nthawi kukaposa masekondi 0.05, ndimangotenga 0.05. Mverani visibilitychange, chizindikiro chimene browser imapereka tsamba likabisika kapena likaonekanso; likabisika muimitse sewero, mwanayo apitirize yekha akabwerera.

Mai Zulu: Ndaona code mwatumizayo. Mukukhotetsa njinga mkati mwa touchmove. Event imeneyo imabwera pokhapokha chala chikusuntha, chikaima pagalasi njinga sikhotanso. Touchmove izingosunga pamene chala chili, kusuntha konse kuchitike mu loop ya requestAnimationFrame ija.

Tembo: Ndakonza zonse zitatu. Madzulo ano ndipita kwa alamu kukayesa pa Samsung ija, kenako pa kompyuta yakale ya mng'ono wanga ku Katete, imene imavutika kufika ngakhale ma frame 30.